GALIMOTO YOKOKA NDI MAWILO ONSE ANAI: ZOYENERA KUDZIWA MLIMI ASANAGULE

Caka ndi caka, thonje, fodya ndi nshawa zikagulidwa ndipo ndalama zalowa m'nyumba, alimi ena a m'cigawo ca Kum'mawa ayamba kulingalira za kugula galimoto. Ambiri a iwo ndi okhala kutali ndi mseu wa tala, monga a ku Chama, Lumezi, Vubwi ndi m'cigwa ca Luangwa, ndipo imene aifuna ndi galimoto yokoka ndi mawilo onse anai. Maganizo amenewa si oipa. Koma galimoto yotere imatha ndalama za zokolola za zaka zingapo, ndipo munthu aliyense woyenda m'midzi waonapo magalimoto atakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nkhokwe, matayala atacoka, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ambiri a iwo sanafe ndi ukalamba iai. Anaphedwa ndi katundu wopitirira muyeso, ndi madzi, ndi kusowa kwa zitsulo zosinthira.

KODI IFUNIKADI?

Mlimi asanafunse za mtundu, ayambe wadzifunsa nchito imene galimotoyo idzagwira imene ngolo ya ng'ombe kapena lole yobwereka singagwire. Cimanga, thonje, soya ndi mpendadzuwa zigulitsidwa m'nyengo youma, pamene miseu ya fumbi ili yolimba ndipo lole wamba ifika pafupi ndi nkhokwe. Wofuna galimoto yotutira zokolola zimenezi zokha acita bwino kugula lole yaing'ono yokoka ndi mawilo a kumbuyo, pakuti inyamula matumba ocuruka ndipo zitsulo zace zoti zingaonongeke n'zocepa.

Galimoto ya mawilo anai okoka ionetsa phindu lace m'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Malichi kapena Epulo. Ndiyo nyengo imene feteleza wa Urea afunika kufika ku munda cimanga cili m'maondo, imene matimati ndi mkaka zionongekera pakhomo cifukwa dambo ladzala, imenenso malungo acuruka ndipo wodwala afunika kufika ku cipatala usiku womwewo. M'cigwa, kumene tsetse abvutitsa kuweta ng'ombe ndipo dothi la makande likanyowa ligwira tayala ngati ulimbo, nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Banja limodzi kawirikawiri silitha kuidyetsa galimoto yotere. Bungwe la alimi lingathe, malinga likhale ndi woyendetsa mmodzi yekha ndi buku lolembamo ulendo uliwonse. Galimoto imene kiyi yace iyenda m'matumba a anthu khumi siona dzinja laciwiri.

M'MENE IKOKERA

Galimoto wamba ikankhidwa ndi mawilo awiri, awiri enawo angotsata. Koma mu iyi, kumbuyo kwa giyabokosi kuli bokosi laciwiri la magiya, limene amakanika alicha transfer, ndipo ndilo ligawa mphamvu ya injini, ina ku mawilo a kumbuyo, ina ku mawilo a kutsogolo. Pa kandodo kace kafupi, pambali pa ndodo ya magiya, palembedwa H2, H4 ndi L4. M'magalimoto atsopano m'malo mwa kandodo muli kabatani kopotokola. H2 ndi ya pa mseu wabwino, pokoka mawilo a kumbuyo okha. H4 ikoketsa onse anai pa fumbi loterera ndi pa mcenga. L4 ndiwo magiya a pansi: galimoto iyenda pang'onopang'ono ngati munthu wa pansi, koma mphamvu yofika ku mawilo iwonjezeka koposa kawiri. Ndiyo yokwerera gombe la mtsinje, yotsikira phiri la miyala ndi yoturukira m'matope, ndipo polowamo galimoto iyenera kuyamba yaima.

Pakati pa mawilo awiri a kumbuyo, ndi pakati pa awiri a kutsogolo, pali mphika wacitsulo wooneka ngati dzungu, umene uchedwa difu. Nchito yace ndi kulola wilo la kunja kuzungulira msanga kuposa la m'kati pamene galimoto ikhota. Koma difu ili ndi khalidwe limodzi loipa: wilo lina likaterereka, ndilo lingozungulira lokha, linzace loponda nthaka yolimba litaima cilili. Motero galimoto yooloka cigwembe mopingasa ingathe kutitimira wilo limodzi la kutsogolo ndi limodzi la kumbuyo zikuzungulira cabe, ngakhale pa citseko palembedwa 4x4. Magalimoto ena ali ndi cokhomera difu, cimene cimanga mawilo awiriwo kuti azungulire limodzi. Si onse ali naco, ndipo wogula afunse.

Apa pali colakwa cimene cawononga magalimoto ambiri. Pokhota, mawilo a kutsogolo ayenda mtunda wotalikirapo kuposa a kumbuyo. Pa fumbi ndi pa matope tayala literereka pang'ono ndipo kusiyanako kutha kokha. Pa tala tayala siliterereka, cotero zitsulo za m'kati zipotana, zilimbana, kufikira cimodzi cithyoke. Cifukwa cace woyendetsa Land Cruiser 70, Hilux kapena Land Rover yakale ya Series, akangoponda tala wa Great East Road, abwerere ku H2. Land Rover Defender isiyana, pakuti ili ndi difu yacitatu pakati ndipo ikoka ndi mawilo onse nthawi zonse. Coletsedwa kwa iyo pa tala ndico kukhoma difu yapakatiyo.

Pa mawilo a kutsogolo a magalimoto ambiri akale pali mahabu opotokola ndi dzanja, olembedwa FREE ndi LOCK. Akakhala pa FREE, mawilo a kutsogolo sakoka ngakhale kandodo kali pa L4. Woyendetsa wanzeru aturuka nawakhoma asanalowe m'dambo, osati matope atafika kale m'maondo. M'cilimwe awakhomenso kamodzi pa mwezi ndi kuyenda makilomita owerengeka, kuti oilo afike pa zitsulo za kutsogolo.

KUSANKHA

Akuluakulu akumbukira Land Rover monga galimoto ya Boma, ya alangizi a zaulimi ndi ya apolisi. Koma poyamba inapangidwira alimi. Maurice Wilks wa kampani ya Rover ku Britain ndiye anailingalira, ndipo inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam m'caka ca 1948. Thupi lace linali la aluminiyamu cifukwa citsulo cinali cosowa itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Thupi lotere silicita dzimbiri, koma chasisi ya pansi pace ndi yacitsulo ndipo icita. Defender ya maonekedwe akale aja inaleka kupangidwa mu Januwale 2016. Toyota Land Cruiser 70 inayamba mu 1984, ndipo injini yace yodziwika koposa, ya 1HZ, ya dizilo, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, inabwera mu 1990. Hilux inayamba mu 1968, ndipo yokoka ndi mawilo onse inaturuka mu 1979. Alipo enanso a Isuzu, Nissan, Ford ndi Mitsubishi amene agwira nchito yomweyo.

Dzina lokha siliturutsa galimoto m'matope. Muyeso woona ndi uwu: mlimi apite ku masitolo a zitsulo a m'tauni imene ili pafupi naye, kaya ndi Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi, akafunse mtengo wa sefa ya dizilo, wa mabelingi a wilo, wa kilachi ndi wa tsamba limodzi la sipuling'i. Akafunsenso makanika wa pafupi ngati anatsegulapo injini ya mtundu umenewo. Ngati citsulo ciliconse ciyenera kucokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg, galimotoyo idzagona milungu itatu cifukwa ca kanthu kokwana m'dzanja. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo.

Magalimoto ambiri ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, olowera pa Nakonde, alembedwa 4WD kumbuyo koma alibe magiya a pansi. Toyota RAV4 ndi Honda CR-V ndi ena a iwo. Ndi abwino pa mseu wa fumbi wosalala, koma mimba yao ili pafupi ndi nthaka ndipo sanapangidwire matumba a feteleza m'dambo. Wogula ayang'ane ngati L4 ilipo. Ngati palibe, imeneyo ndi galimoto ya m'tauni.

Za injini pali kusankha kwina. Injini zakale za dizilo, monga 1HZ, zilibe kompyuta. N'zaulesi pa mseu waukulu ndipo zimwa kwambiri, koma makanika wa pansi pa mtengo azikonza ndi masipanala. Zatsopano, zochedwa common rail, zili ndi mphamvu zambiri ndipo zimwa pang'ono, koma zipopa dizilo ndi mphamvu yoopsa kupyola m'timabowo tating'ono kwambiri, kotero kuti madzi ocepa kapena fumbi la mu mgolo liwononga zitsulo zodula. Amene adzagula dizilo wa m'zigubu pa msika wa kumudzi aganizire zimenezi asanapereke ndalama.

Pogula galimoto yakale, penti ndi mipando zisamunyenge munthu: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula apite ndi makanika wace, osati wa wogulitsa, ndipo onse awiri agone pansi pa galimoto ndi toci. Ayang'ane chasisi, makamaka pamene masipuling'i amangidwa, ngati pali mng'alu, dzimbiri kapena poocherera patsopano popakidwa penti wakuda. Atsegule difu aone oilo. Akaoneka ngati tiyi wa mkaka, mwalowa madzi. Injini iyatsidwe ili yozizira, m'mamawa, pakuti wogulitsa wocenjera aitenthetsa wogula asanafike. Utsi wobiriwira ngati thambo usonyeza kuti injini idya oilo. Ndipo aiyese pa mseu wa fumbi, alowe mu H4 ndi L4, amve ngati zilowa ndi kuturuka bwino. Nambala ya makilomita pa wochi si mboni yokhulupirika, pakuti alipo odziwa kuibweza. Potsiriza nambala za chasisi ndi injini zifanane ndi zolembedwa mu White Book, ndipo kusintha dzina la mwini kucitikire ku RTSA ndalama zonse zisanathe kuperekedwa.

KATUNDU

Mawilo anai okoka athandiza kugwira nthaka basi. Sawonjezera mphamvu ya mabuleki, kapena ya chasisi, kapena ya matayala. Mapikiapu ambiri a mtundu uwu anyamula pafupifupi tani imodzi, ndiwo makilogalamu 1,000, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. M'kati mwa muyeso umenewu muli anthu okwera, zigubu za dizilo ndi citsulo ciliconse cimene mwini wawonjezera. Okwera anai akuluakulu alowa m'malo a matumba asanu kapena asanu ndi limodzi. Muyeso weniweni wa galimoto iliyonse ulembedwa pa kacitsulo ka pa citseko kapena pansi pa boneti, ndipo pa mseu wa makumbi ndi maenje nkwanzeru kutsalira pansi pace.

Ciyeso ca kuwonjezera matumba khumi ndi cacikuru, pakuti ulendo umodzi uoneka wochipa kuposa iwiri. Koma mtengo wa dizilo wa ulendo waciwiri sungafanane ndi mtengo wa ekiselo yothyoka pakati pa chire. Matumba aikidwe pansi ndi kutsogolo, pafupi ndi kumbuyo kwa woyendetsa, osati kunsonga. Anthu okhala pamwamba pa matumba ndiwo oyamba kufa galimoto ikapendekeka.

FUMBI NDI MADZI

M'cilimwe mdani ndi fumbi. Sefa ya mpweya iyang'anidwe sabata iliyonse mu Sepitembala ndi Okotobala. Ya pepala iguguzidwe pang'ono kuti fumbi ligwe, koma isatsukidwe ndi madzi, ndipo ikang'ambika itayidwe, pakuti fumbi lolowa mu injini lipala zitsulo ngati mcenga pa mphika. Oilo wa injini pa nchito ya kumudzi asinthidwe pa makilomita 5,000 ali onse, pamodzi ndi sefa yace. Pansi pa sefa ya dizilo pali kakapu kolekanitsa madzi, ndipo kakhuthulidwe kawirikawiri. Injini ya 1HZ ndi zina ziri ndi lamba wa m'kati, wa timing, amene asinthidwa pakati pa makilomita 100,000 ndi 150,000 monga mwa buku lace. Akaduka ali pa ulendo, injini iwonongeka kwambiri. Wogula galimoto yakale amene sadziwa tsiku limene lambayo anasinthidwa amsinthe pomwepo.

Pa masika, udzu utatalika, njere zace zitseka ladiyeta ndipo injini itentha. Udzu wina ukulungika pa shafiti ndi pa paipi ya utsi, ndipo ukauma ugwira moto. Poturuka m'njira ya udzu woyendetsa aime, asuzumire pansi, aucotse.

M'dzinja mdani ndi madzi, ndipo ndiye woopsa koposa. Mabuku a Land Cruiser 70 alola madzi ozama masentimita 70, a Defender yakale masentimita 50, koma miyeso imeneyi ndi ya madzi odikha ndi pansi polimba. Madzi othamanga ozama masentimita 60 akokolola ngakhale pikiapu yodzala. Pa mtsinje wosadziwika munthu ayambe waoloka ndi ndodo. Ngati madzi apitirira maondo kapena amkankha, galimoto isalowe. M'mitsinje ya m'cigwa, m'mene muli ng'ona, asalowe ndi miyendo konse, koma afunse eni mudzi za pooloka pace. Timitsinje tambiri tocokera ku mapiri tidzala msanga ndi kuphwanso m'maora owerengeka, ndipo kudikira pa gombe sikunawonongepo injini ya munthu. Akalowa, alowe ndi L4, giya yoyamba kapena yaciwiri, mosalekeza, osasintha giya pakati pa madzi. Injini ikazimira m'madzi asaiyatsenso: madzi sapanikizika monga mpweya, ndipo akalowa m'masilinda apinda zitsulo za m'kati. Galimoto ikokedwe, makanika ayambe wawacotsa.

Pali kuwonongeka kwina kobisika. Difu yotentha ndi ulendo ikamizidwa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwace ufota ndipo ikoka madzi kupyolera pa kabowo kace kopumira. Galimoto iyendabe bwino, mwini osadziwa kanthu, kufikira mabelingi ndi mano a difu zitatha pakapita miyezi. Motero pambuyo pa kuoloka madzi akuya oilo wa madifu, wa giyabokosi ndi wa transfer ayang'anidwe, girizi apopedwe m'mfundo za shafiti, ndipo mabuleki aumitsidwe mwa kuwaponda pang'onopang'ono galimoto ikuyenda. Matope a makande asasiyidwe kuumira pansi pa galimoto, pakuti asunga cinyontho ndi kudya mabuleki.

ZOWONJEZERA

M'tauni muoneka magalimoto okwezedwa m'mwamba, a matayala akuru ngati a thalakitala, a mabampala acitsulo ndi nyale zambiri. Zambiri za izi n'zokometsera maso. Bampala wacitsulo pamodzi ndi winchi zingalemere makilogalamu 100, ndiwo matumba awiri amene mlimi sadzanyamulanso pa ulendo uliwonse. Kukweza masipuling'i kukweza thupi, koma pa galimoto ya ekiselo yolunjika difu itsala pamene inali, ndipo difu ndiyo igunda mtumbira wa pakati pa njira. Cimene cakwera ndi ngozi ya kugubuduzika. Kaliyala wa pa denga wodzala katundu acita comweco. Matayala akuru mopitirira afooketsa injini ndi mabuleki. Kuwonjezera masamba a sipuling'i, kumene amakanika ambiri acita, kubisa kulemera cabe: galimoto ioneka yowongoka, koma ekiselo, mabelingi ndi chasisi zisenzabe katundu yemweyo, ndipo pamapeto cithyoka ndi codula koposa.

Zowonjezera zopindulitsa n'zocepa ndiponso zochipa. Coyamba ndi kutalikitsa timabowo topumira ta madifu ndi timapaipi ta mphira tofika pamwamba pansi pa boneti. Makanika aliyense acita zimenezi m'ora limodzi. Caciwiri ndi sefa yaciwiri ya dizilo yolekanitsa madzi. Cacitatu ndi mpope wa mpweya wokwera pambali pa galasi, wochedwa snorkel, umene phindu lace lenileni ndi kukoka mpweya wa pamwamba wocepa fumbi. Susandutsa galimoto kukhala bwato, pakuti mawaya ndi kompyuta zitsala pansi.

Ndalama zotsala zipite ku matayala. Onse anai, ndi la sipeya lomwe, akhale a msinkhu umodzi ndi mtundu umodzi, a nthiti zolimba, pakuti zitsa za tsanya m'cigwa ziboola tayala m'mbali pamene sipamatika. Matayala a mano akuru agwira bwino m'matope koma atha msanga pa tala. Pa mcenga wakuya mpweya ucepetsedwe kufikira pafupi mabaa 1.5 kuti tayala litambasuke, koma ubwezeredwe pofika pa mseu wolimba. Tayala lofewa lonyamula katundu litentha ndi kuphulika. Cifukwa cace pampu isasowe m'galimoto. Malimu akale ogawika pawiri aponya mkombero wao ndi mphamvu yopha munthu ngati sunakhale bwino, ndipo wopopa aime pambali.

IKATITIMIRA

Woyendetsa akamva mawilo azungulira pamodzimodzi, acotse phazi pomwepo, pakuti kupondereza kungokumba manda a galimoto. Katundu atsitsidwe, matope acotsedwe ndi fosholo kutsogolo kwa mawilo ndi pansi pa madifu, wilo likwezedwe ndi jeke woikidwa pa thabwa, ndipo pansi pace paikidwe nthambi kapena miyala. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene ili pa jeke m'matope. Ngati ikokedwa ndi thalakitala, ng'ombe kapena galimoto inzace, cingwe cimangidwe pa ngowe ya pa chasisi, osati pa bampala kapena pa kampira kacitsulo kokokera ngolo, kamene kakathyoka kauluka ngati cipolopolo. Ana ndi onse oonerera aime kutali, mtunda woposa utali wa cingwe. Fosholo, nkhwangwa, thabwa, cingwe colimba, jeke ndi pampu zilowe m'galimoto mu Okotobala, mvula yoyamba isanagwe, ndipo zisaturukemo kufikira Meyi.